Mudzi wa Zilembo Makumi Awiri

Pulogalamu imene inachotsetsa ntchito Keziya Msowoya ndinailemba ine ndi manja angawa, ndipo ndinkainyadira kwabasi. Ndanena poyambirira kuti pasapezeke wondimvera chisoni.

Munali mu 1991. Ndinali nditachoka kwathu ku Zomba zaka ziwiri m'mbuyomo kudzagwira ntchito ku Mzuzu, pa kabungwe kena kolimbana ndi chifuwa chachikulu. Dzina lake musavutike nalo, kanatha kalekale. Ofesi yathu inali nyumba wamba ku Chibanja, ndipo m'chipinda chapakati munkakhala kompyuta imodzi imene azungu ena anatipatsa. Poweruka tinkaifunditsa nsalu kuopa fumbi. Wodziwa kuilembera mapulogalamu ndinali ine ndekha, Paison Makwinja, m'chinenero chotchedwa C. Anzanga ankanditcha injiniya. Sindinali injiniya, koma dzinalo sindinalikane ngakhale tsiku limodzi.

Ntchito ya pulogalamuyo inali yosavuta kuimva. Wodwala chifuwa chachikulu amayenera kumwa mankhwala miyezi yambiri osadumphitsa, ndipo akasiyira panjira matenda amabwerera ndi ukali woposa poyamba. Choncho wodwala aliyense tinkamulemba mu kompyuta: dzina, mudzi, kenako chilembo chimodzi. A ankatanthauza kuti akumwa, W kuti wamaliza. Lolemba lililonse pulinta inkalira n'kutulutsa mndandanda wa onse okhala ndi A, ndipo a Overtoun Kaonga, bambo wa imvi wokhala ndi njinga yamoto, ankautenga n'kumayenda m'midzi kukaona ngati anthuwo akumwadi.

Wolowetsa mayina anali Keziya, mayi wa ana atatu wa ku Chiputula, wobadwira mu Mzuzu momwemo. Ankatayipa mofulumira kundiposa, ndipo ankakonda kuseka Chitumbuka changa. Ndikati "mwawuka uli," ankagwira pakamwa n'kunena kuti ndalonjera ngati munthu wofunsa mtengo wa nkhuku. Tinkagwirizana. Tiyi wa teni koloko tinkamwera pa tebulo limodzi, kutali ndi kompyuta monga mwa lamulo langa.

Mu Julaye, kukuzizira kolowa m'mafupa kuja, achibale anabwera ndi munthu pa galimoto ya bwenzi lawo atamugoneka pa mphasa. Anali Zebedee Thindwa, wodwala wathu, akutsokomola magazi. Anamwalira patapita masiku awiri. Mkazi wake anati mankhwala anasiya mu Malichi atayamba kumva bwino, ndipo kuchokera pamenepo palibe wa bungwe anapondako. A Overtoun anatulutsa mindandanda yawo yonse imene ankasunga m'chikwama cha pulasitiki. Dzina la Zebedee silinalimo ngakhale mu umodzi.

Tinatsegula kompyuta. Dzina linalimo, mudzi unalimo, koma pa malo a chilembo chija panali K. K sankatanthauza chilichonse. Pulogalamu yanga inkangosankha a A, ndiye munthu wa K inkamudutsa ngati kulibe. Titafufuza onse tinapeza anthu makumi atatu ndi mmodzi, kuphatikizapo iyeyo, okhala ndi zilembo zachilendo, wina N, wina U, wina popanda kanthu. Onsewo panalibe amene ankawayendera.

Mwina nkhaniyi ikanathera mu ofesi, koma mkulu wake wa malemuyo, a Herbert Thindwa, anali tcheyamani wa nthambi ya chipani kwawoko. Anabwera Lolemba m'mawa atavala baji pa jekete, anakana mpando, ndipo analankhula mawu amodzi a Chingerezi amene masiku amenewo ankaumitsa munthu malovu: sabotage, kuwononga ntchito mwadala. Bwana wathu, a Jasper Mlotha, anali munthu wabwino pa masiku abwino. Tsiku limenelo anatuluka thukuta kukuzizira. Pofika masana anali ataimitsa Keziya pa ntchito, poti ndiye yekha ankagwira mabatani, ndipo anati komiti ikhala Lachisanu kugamula.

Keziya anatenga kapu yake ndi ambulera, n'kuima pakhomo la chipinda changa.

"A Paison, ine K sindinalembepo yayi. Ngakhale kamodzi. Mufufuze chomene, chonde."

"Musadandaule, mayi. Pofika Lachisanu ndikhala nditapeza."

Ndinalankhula ngati munthu amene yankho lili kale m'thumba. Ndinali ndi masiku anayi, ndipo ndinkadziwa kuti ndikalephera, Keziya sangotaya ntchito yokha. Nkhani ya sabotage ikafika ku polisi, munthu ankatha kupita kukafunsidwa mafunso n'kubwerako chaka china.

Masiku awiri oyamba ndinawawononga pofunafuna wolakwa kunja kwa mutu wanga. Ndinayamba ndi madisiketi, kuwayesa limodzi limodzi. Anali bwino. Ndinaganizira magetsi othimathima, koma magetsi sasankha chilembo chimodzi n'kusiya zinazo. Ndinaganizira vayirasi, poti inali nkhani ya m'kamwam'kamwa nthawi imeneyo. Kenako ndinatsegula dibaga, chida choyendetsera pulogalamu mzere umodzi umodzi uku ukuona zochitika mkati, n'kulowetsa odwala ongopeka oposa makumi asanu. Onse anatuluka ndi A wawo wabwinobwino. Lachitatu masana ndinadzipeza ndikuganiza kuti mwina Keziya chala chinkamuterereka. Ndinachita manyazi ndi ganizo limenelo, koma linanditonthoza, ndipo zimenezo n'zomwe zinandinyansa kwambiri.

Chimene ndinkachizemba ndinkachidziwa. Mkati mwa kompyuta, malo osungira zinthu ali ngati mapuloti ogundizana opanda mpanda. Wolemba pulogalamu ndiye amayeza kuti apa pakhale dzina, apa mudzi, apa chilembo. Chinenero cha C sichimanga mpanda. Ukabwera ndi katundu woposa puloti yako sichikuletsa, katunduyo amangogwera kwa aneba n'kuphwanya zomwe wapezako, popanda phokoso lililonse. Aphunzitsi athu anatichenjeza za zimenezi kangapo. Ine ndinkaona ngati ndi vuto la anthu osasamala, ndipo sindinkadziwerengera m'gulu limenelo.

Lachinayi m'mawa ndinagonja n'kuika alonda. Ndinakopera pulogalamu pambali, ndipo kumapeto kwa malo aliwonse, a dzina, a mudzi, a tsiku, ndinaikako zilembo zinayi za Z zongokhala. Kenako ndinalemba kachidutswa koti nthawi iliyonse munthu akamaliza kutayipa, kazipita kukaona ngati ma Z onse akadali m'malo mwake. Ngati mmodzi wasunthidwa, kompyuta ilire n'kutchula malo amene asefukira. Njira yake ndi yakale ndiponso yopanda ulemerero, yofanana ndi kuwaza phulusa pakhomo la nkhokwe kuti uone mapazi a chimene chikumalowamo.

Ndinatenga makhadi enieni a odwala makumi atatu ndi mmodzi aja, amene anamwino ankalemba pamanja, n'kuyamba kuwalowetsa. Loyamba linali la malemu. Dzina: ZEBEDEE THINDWA. Mudzi: YOLAMU THINDWA. Kompyuta inali zii. Ndinalowetsa lachiwiri, lachitatu, mpaka lakhumi, alonda anga ali chiimire osakhudzidwa. Mutu unaima.

A Overtoun analowa cha m'ma leveni koloko kudzaotha kambaula kamagetsi kamene tinkabisa pansi pa tebulo. Anaima kumbuyo kwanga akupukuta magalasi awo, n'kumayang'ana zimene ndinkatayipa.

"Adada injiniya, mukulemba ngati mlendo," anatero. "Yolamu Thindwa yake iti?"

"Pa khadi palembedwa choncho."

"Pa khadi, enya. Koma midzi ya Yolamu Thindwa ilipo itatu. Ana a munthu mmodzi anagawana, aliyense n'kutenga dzina la bambo wawo. Wina uli kuphiri, wina kumsewu, wina kudambo. Mukandipatsa choncho ine ndimatha petulo tsiku lonse. NyaMsowoya ankamufunsa wodwala njira, n'kuwonjezera. Ndiye chifukwa mndandanda wake sunkandisocheretsa."

Ndinatsegula fayilo yakale n'kuyang'ana mzere wa malemu. Ndinali nditauyang'ana mwina kakhumi sabata imeneyo, koma maso anga ankangothamangira pa K uja. Mudzi unalembedwa motere: YOLAMU THINDWA, KUSIKA KWA DAMBO. Ndinautayipa momwemo mu pulogalamu ya alonda n'kudina batani.

Kompyuta inalira. Kulira kwake kunali kamodzi, kopyapyala, koma a Overtoun anadzidzimuka mpaka kugunda kambaula. Pa galasi la kompyuta panatuluka mawu amene ndinalemba ndekha m'mawa womwewo, onena kuti malo a mudzi asefukira. Ndinalowa mu dibaga kukaona alonda. Pamene panali ZZZZ panali patakhala KA K.

Ndinawerenga ndi chala pa galasi. Malo a mudzi ndinawapatsa zilembo makumi awiri. Chilembo cha makumi awiri ndi chimodzi m'mawu a Keziya chinali K wachiwiri wa mu KUSIKA, ndipo mu pulogalamu yeniyeni, mmene munalibe alonda, neba wa mudzi anali chilembo chija chonena ngati munthu akumwa mankhwala. K anagwera pamenepo n'kufafaniza A. Zotsalazo zinagwera m'malo a ndemanga amene sitinkawagwiritsa ntchito, n'chifukwa chake palibe china chinaoneka chophwanyika. Pa galasi mudzi unkaoneka wonse bwinobwino. Ndinayesa enawo, ndipo onse makumi atatu ndi mmodzi anaililitsa kompyuta. Panalinso ena a midzi yaitali amene anapulumuka mwamwayi chabe, poti chilembo chogwera kwa neba chinapezeka kuti nachonso ndi A.

N'chifukwa chiyani makumi awiri? Ndikukumbuka tsiku limene ndinasankha. Ndinatchula mumtima midzi ya kwathu imene ndinkaidziwa, kwa uje, kwa uje, wautali kwambiri sunapitirire zilembo khumi ndi ziwiri. Ndinawonjezera zisanu ndi zitatu n'kudziona wowolowa manja. Sindinafunse Keziya, amene anali pa tebulo lapafupi. Sindinafunse a Overtoun. Mwana wa ku Zomba, zaka ziwiri ku Mzuzu, kuyeza midzi ya eni ake ndi chingwe cha kwawo.

"Ndiye mwapeza?" anafunsa a Overtoun.

"Ndapeza."

"Yewo chomene. Mama yura wapona."

Inenso ndinkaganiza choncho. Ndinasindikiza umboni wonse, mizere makumi atatu ndi umodzi, n'kuzunguliza ndi bolopeni yofiira chilembo chilichonse chogwera kwa neba. Poweruka ndinayenda wapansi mpaka kunyumba ku Kaning'ina m'kamvula kowaza, mapepala ndili nawo m'kati mwa jekete. Nyumba imene tinkakhala inali ya bungwe. Mkazi wanga Nelia, mayi ake a mwana wathu Lucy, anali woyembekezera, miyezi isanu ndi iwiri. Ndinamufotokozera zonse akusenda mbatata pakhonde, ndipo anamvetsa msanga kuposa momwe ndinkafunira.

"Ndiye wolakwa ndi inu," anatero.

"Pulogalamu ndiyo yalakwa."

"Pulogalamu ilibe nyumba yoti aichotsemo, abambo a Lucy." Anaponya mbatata m'beseni. "Kaneneni zoona, mayi uja ali ndi ana. Koma mukanene mochenjera."

Kunena zoona mochenjera. Ndinadya mbatatazo ndikuganiza kuti n'zotheka.

Lachisanu komiti inakhala m'chipinda cha kompyuta chomwecho, anthu anayi pa mipando ya pulasitiki, a Mlotha pakati. A Herbert Thindwa sanali wa komiti, koma palibe analimba mtima kuwauza kuti adikire panja. Keziya anakhala pa benchi pafupi ndi chitseko, atavala diresi lake la kutchalitchi. Atandiona ndi mapepala anamwetulira pang'ono.

Ndinaonetsa zonse, ndipo ndinaonetsa bwino. Ndinatayipa mudzi waufupi, kompyuta chete. Ndinatayipa wautali, kompyuta inalira. Ndinafotokoza za mapuloti, za alonda, za K. Ndinamaliza n'kunena kuti palibe munthu anasintha chilembo dala, choncho nkhani ya sabotage palibe. Ndinamva Keziya akutulutsa mpweya.

A Mlotha anatsegula kabati yawo n'kutulutsa kabuku ka chikuto chobiriwira. Ndinakazindikira. Kanali kabuku kofotokoza pulogalamu, kamene ndinalemba m'Chingerezi kuti azungu otipatsa kompyuta aone kuti tikugwira ntchito. Kanalipo kamodzi kokha, ndipo chichokereni azunguwo kanali kasanatulukepo m'kabatimo.

"Mr Makwinja, kabuku aka analemba ndani?"

"Ndine, bwana."

"Werengani tsamba lachisanu ndi chiwiri, pa mudzi."

Ndinawerenga. Panalembedwa kuti mudzi, zilembo makumi awiri.

"So the instruction was there," anatero a Mlotha, akuyang'ana a Thindwa osati ine. "Amene analemba zopitirira ndani?"

Keziya anaimirira. "Bwana, buku ilo ine ndikuliona lero. Palibe anandiuza za twenty. Ndikatayipa, makina ankalandira."

"Mr Makwinja, mayiwa simunawaphunzitse kagwiritsidwe ntchito ka pulogalamu?"

Ndinawaphunzitsa. Ndinawaphunzitsa kuyatsa, kusunga, kusindikiza, kufunditsa nsalu. Za makumi awiri sindinatchulepo, chifukwa sindinkaganiza kuti pali mudzi ungafikepo. Funso linali lakuti ndinawaphunzitsa kapena ayi.

"Ndinawaphunzitsa, bwana."

A Thindwa anasendeza mpando wawo kutsogolo. Maso awo anali ofiira, ndipo ndiyenera kunena chilungamo, anali munthu woferedwa mng'ono wake, osati chilombo.

"Ine za makina sindidziwa, adada," anatero. "Ndifunse chimodzi. Akanalemba monga bukuli likunenera, mng'ono wanga akanatuluka pa pepala?"

"Akanatuluka."

"Nanga vuto ndi la wolemba, panji ndi la makina na amene anawakonza?"

Yankho linali pa lilime. Pulogalamu yolembedwa bwino imakana chilembo chopitirira malire. Imaima, imalira, imamuuza munthu kuti malo atha. Kuti itero pamafunika mzere umodzi wokha, ndipo mzere umenewo ine sindinaulembe. Wotayipa sangaone mpanda umene kulibe. Zonsezi ndikanazinena mosapumira. Koma ndinaona baji ija, ndinaona nyumba ya ku Kaning'ina, ndinaona Nelia ali pa msewu ndi mimba ndi mabeseni. Ndinaganizanso kuti mawu aja a sabotage sanachoke m'chipindamo, akungofuna munthu wina womukhalira.

"Makina amachita zimene auzidwa," ndinatero.

Sindinanene bodza ngakhale limodzi tsiku limenelo. Ndakhala ndikubwereza mayankho anga kwa zaka zambiri, lililonse ndi loona, ndipo ndimadana nawo onse.

Komiti sinachedwe. Keziya anachotsedwa ntchito chifukwa chosatsatira malangizo olembedwa, zomwe zinachititsa imfa ya wodwala. Ku polisi nkhani sinapite. Umboni umene anaika m'fayilo yake unali mapepala anga aja, a bolopeni yofiira. Ndisanabwere nawo anali ndi zongoganizira, ine ndiye ndinawapatsa chogwira. Anthu atatuluka a Mlotha anandigwira paphewa n'kunena kuti ndamupulumutsa mayiyo ku zazikulu, ndizinyadira. Kenako anandiuza kuti ndikonze pulogalamu tisanaweruke. Zinanditengera mphindi khumi.

Loweruka masana ndinapita ku Chiputula. Sindinkadziwa nyumba, ndinachita kufunsa kwa amayi ogulitsa makala. Ndinamupeza Keziya pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Anandipatsa kampando, anandilonjera mwaulemu wonse, ndipo ulemuwo unandipweteka kuposa kutukwana.

"Anthu aja a thirty, a Overtoun ayamba kuwayendera?" anafunsa.

"Ayamba dzulo lomwelo."

"Yewo." Anatola kamwala m'nyemba n'kukaponya pabwalo. "Ndifunseko, a Paison, poti Chingerezi chinachuluka dzulo. Masiku ena ndinkatopa, mzere wa odwala utalika, ndinkangolemba za pa khadi basi. Amenewo sanasowe?"

"Sanasowe."

"Amene anasowa ndi amene ndinawafunsa njira."

"Ndi amenewo."

Anasiya kusankha nyemba.

"A Zebedee ndikuwakumbuka," anatero. "Ankafuna kuthamangira basi. Ine ndinawaimitsa, ndikuti adada, Yolamu Thindwa yake iti, tingadzakusoweni. Anaseka, akuti mama mukufunsa ngati mudzabwera kudzadya. Ndikanawasiya apite, bwenzi lero ali moyo." Anapukuta maso ndi dzanja. "Usiku wonse sindinagone. Ndawapha ndine munthu yura."

"Ayi, mayi. Si inu." Apa mawu anatuluka okha, onse, mosavuta. Ndinamuuza kuti pulogalamu inkayenera kukana, kuti mzere umodzi ndi umene unkasowa, kuti makumi awiri ndinasankha ndekha osafunsa munthu, kuti kabuku kaja sindinamuonetsepo. "Inu munachita ntchito yanu bwino kuposa tonse. Wolakwa ndine."

Anandiyang'ana, ndipo misozi imene inali itayamba inaima. Sanakweze mawu.

"Mukuziwa kuyowoya makora, a Paison. Mwafotokoza bwino chomene, ngakhale mwana angamve." Anaimirira, n'kunyamula lichero. "Kuno kulibe komiti. Kuli ine na nkhuku. Mawu amenewa anali a dzulo."

Analowa m'nyumba. Ndinakhalabe pa kampandoko kanthawi ndikuyembekeza kuti atulukanso, mpaka mwana wake wamkazi anabwera n'kundiuza mwaulemu kuti amama akuti akufuna mpando.